Alamu Anu Ali ku Hotela ya Boma

6 Febuluwale

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kunjako pamodzi ndi akazembe anu amene mumawalembera zokalankhula. Kuno tonse tili bwino kwambiri, sitinakhalepo bwino chonchi chibadwire. Ndikulemba kalata chifukwa mafoni ndi intaneti anatitsekera kuti tizipuma mokwanira. Moni apitenso kwa abambo a ku positi amene amatiwerengera makalata asananyamuke. Pepani bambo, zolemba zanga ndi zokhotakhota, ine ndine telala, dzanja linazolowera singano.

Nkhani ndi ya alamu anu. Mukudziwa kuti situdiyo yawo yojambulira zithunzi inayang'anana ndi msika waukulu. Loweruka lapitali ankajambula akwati pa masitepe, nthawi yomwe anthu ankadutsa mumsewu ndi zikwangwani zawo. Zimene zinachitika kenako wailesi yanena kuti sizinachitike, ndiye inenso sindinazione. Kungoti Lolemba msewu wonse anautsuka ndi galimoto ya ozimitsa moto.

Lachiwiri masana kunabwera alendo anayi a nsapato zazitali. Anagogoda ndi phazi. Anati Ajenerale, mtsogoleri wa dziko lathu, aikonda ntchito ya alamu anu, ndiye awaitanira ku hotela ya boma ija ya mpanda wa waya, kuseri kwa kampu. Anatenganso makamera onse awiri ndi kompyuta kuti asakasowe chochita. Changu chake chinali chachikulu moti alamu anu anapita atavala silipasi imodzi. Inayo ndaisunga.

Inu mumakhala pafupi ndi akuluakulu. Mutatifunsirako kuti alendo a kuhotelako amakhala masiku angati.

Ndakutumizirani shati yoyera padera. Kolala ndaiumitsa. Ikakuvutani mumasule ulusi wake ndi lezala, si ntchito yaikulu.

Bambo ali bwino, akupereka moni.

Ndine mlongo wanu.

27 Febuluwale

Mlongo wanga,

Kalata yako ndalandira, shatinso yafika. Ine ndili bwino, kungoti kuno kukuzizira ndipo ntchito yachuluka. Ndakondwa kumva kuti boma lazindikira luso la alamu. Uwauze alimbikire, asatichititse manyazi.

Usamamvere mphekesera. Kuno ku Bwalo la Maiko kuli anthu amene sanapondepo kwathu, sadziwa n'komwe kuti dziko lathu lili mbali iti pa mapu, koma akufuna kutumiza asilikali awo, ati kudzatiteteza. Kutiteteza kwa yani? Dziko lathu ndi loima palokha. Tili ndi mbendera yathu, nyimbo yathu, ndi mpando wathu m'bwalo muno, wofanana msinkhu ndi mipando ya maiko akuluakulu. Ndinauyeza ndekha.

Akazembe alankhula pa 10 Malichi, ndipo mawu onse amene akanene ndalemba ndine, masamba asanu ndi limodzi. Atawerenga anandisisita paphewa n'kunena kuti cholembera changa chikuposa mfuti. Mudzamvetsere wailesi, uwauzenso bambo.

Shati ndi yokongola, koma kolala waiumitsa mopitirira, ikundikanda pakhosi. Ndipirira. Ndidzavala tsiku lomwelo, ndidzakhala kumbuyo kwenikweni kwa akazembe.

Kalatayi, monga makalata onse a muofesi muno, yadutsa pa tebulo la mkulu wa chitetezo, ndipo naye akupereka moni.

Ndine mlongo wako.

16 Malichi

Mwana wanga,

Ndine bambo ako. Kalata iyi ndapatsira dalaivala wa thiraki amene akaiponya ali kunja kwa malire, choncho ndilankhula monga ndinkalankhulira pa mzere wa m'mawa ndili hedi wa sukulu, mosazungulira.

Mlamu wako ali m'ndende ya asilikali. Pa msika paja adaombera anthu. Mlongo wako amapita pa geti la kampu tsiku ndi tsiku ndi chakudya m'kontena. Akalandira, timadziwa kuti munthu ali moyo. Amene awabwezera chakudya amabwerera manja ali kumutu. Umo ndi momwe dziko lako loima palokha likulengezera maliro masiku ano.

Tidamvera wailesi. Akazembe ako adati, "Palibe umboni." Adabwereza katatu, ndipo ndidadziwa kuti ndiwe, chifukwa kubwereza mfundo katatu ndidakuphunzitsa ndine. Chizungu chake chidali chabwino. Aka n'koyamba m'moyo wanga kuchita manyazi ndi chizungu chabwino.

Koma usaganize kuti ndikufuna asilikali a eni. Ine ndidalipo tsiku limene mbendera ya atsamunda inkatsika, ndili pa kabudula, ndipo ndidalira. Nawonso adabwera ndi mawu omwewa, oti adzatiteteza kwa ife eni ake, ndipo adakhala zaka makumi asanu ndi awiri. Ndidamuuza mlongo wako kuti mwamuna akamamenya banja lake, aneba n'kuthyola chitseko, chitsekocho sakonza ndi iwo, ndipo ena potuluka amanyamulako wailesi. Iye adati, "Bambo, amene akumenyedwayo sawerenga mahinjesi." Tidakangana mpaka tiyi adazizira. Ndikudziwa, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Koma ndikudziwanso amene amalowa chitseko chikatseguka.

Iwe ndidakutumiza kusukulu kuti uzidziwa zinthu. Ndiuze chimene ukudziwa.

Bambo ako.

Achimwene, ndine. Ndapeza kadanga pansi pa kalata ya bambo. Sukulu yonse munaphunzira ija, telala akakuuzani kuti masulani kolala mumati akutanthauza chiyani? Tengani lezala muitumbule lero lomwe.

8 Epulo

Bambo, ndi iwe mlongo wanga,

Moni nonse. Iyi ndikulembera m'chipinda changa, ndipo ndaitumiza kwa dalaivala uja kuti akupatseni pamanja.

Za hotela ndinamva tsiku lomwelo, sindine mwana. Kalata ija ndinawerengera m'chimbudzi cha ku ofesi, ndinasukusula kumaso, n'kubwerera kukamaliza tsamba lachinayi. Ndinkadziuza kuti ndikakhala pafupi ndi akazembe ndipeza mpata wowapempha. Mpatawo ndinaupezadi. Anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kufunsa kuti, "Mlamu wakoyo ndi mwamuna wa mlongo wako?" Nditavomera anati, "Ndiye si magazi ako," n'kuitanitsa tiyi.

Koma za kolala sindinamve, ndikulumbira. Pamene akazembe ankanena katatu kuti palibe umboni, umboniwo unali ukundikanda pakhosi, mita imodzi kuchoka pa maikolofoni.

Ndinaitumbula. Munali kakhadi ka mu kamera, zithunzi 46. Zoyambirira ndi akwati akumwetulira pa masitepe. Pa chakhumi mkwatibwi watembenuka, akuyang'ana kumsika. Kuyambira pamenepo alamu anaiwala za akwati. Sindifotokoza, inu munaziona ndi maso. Pali mayi wina wagona chafufumimba, dzanja lidakali pa dengu la matimati.

Ndinayenda nako m'thumba masiku atatu. Lachinayi ndinakapereka kwa mtolankhani. Lachisanu zithunzi zinali pa tsamba loyamba la nyuzipepala. Lolemba kiyi wanga sankatsegulanso chitseko cha ofesi. Pano ndikusanja makatoni kuseri kwa sitolo ina yaikulu, ndipo msana wayamba kundiuza zaka zanga.

Bwalo lakumana kanayi chitulukire zithunzizo. Sabata yoyamba yonse anakangana ngati alembe kuti akudzudzula, kapena akudzudzula kwambiri. Dziko lina lalikulu likufuna kubwera chifukwa limatikonda, ndipo mwangozi limakondanso mgodi wathu. Lina likukana chifukwa limalemekeza ufulu wathu wodzilamulira, ndipo mwangozi ndi lomwe linagulitsa mfuti zili pa zithunzizo. Bambo, inu ndi mlongo wanga nonse mukunena zoona, ndipo ndi chimene chikundidwalitsa mutu.

Ndiuzeni za alamu.

Mwana wanu.

30 Epulo

Achimwene,

Moni ndikupatsani chifukwa ndinaleredwa bwino. Iyinso ndapatsira dalaivala uja.

Kakhadi kaja ndinakutumizirani kuti mukasunge, kuti tsiku lina zinthu zikadzasintha kadzapezeke. Alamu anu anandipatsa Loweruka lomwelo n'kuti, "Ichi chichoke m'nyumba muno." Sanati chipite pa tsamba loyamba. Ndipo inu, munthu wolemba masamba asanu ndi limodzi, simunaone kuti pa chithunzi cha akwati chija chikwangwani cha situdiyo chili pamwamba pa mitu yawo, dzina la alamu anu ndi nambala ya foni? Mpaka tsiku limenelo iwo ankakana kuti sanajambule kanthu kupatula ukwati.

Alendo aja anabweranso. Ulendo uno ngakhale phazi silinagogode. Makina anga osokera anawaponya mumsewu. Bambo anaima pakhomo n'kuyamba kuwawerengera gawo la malamulo a dziko limene akuliphwanya. Mmodzi mwa iwo bambo anamuphunzitsa sitandade sikisi. Anati, "Pepani ahedi," n'kuwakankhira pambali mwaulemu kwambiri, moti magalasi okha ndi amene anasweka.

Chakudya anandibwezera masiku asanu ndi anayi. Masiku asanu ndi anayi, achimwene. Tsiku lachisanu ndinachapa suti yawo n'kuisita. La khumi analandira, ndipo msilikali wa pageti anati, "Muziphika zofewa, mayi." Ndiye moyo ali nawo. Mano kaya.

Ndinakukwiyirani ndipo ndidakali chikwiyire. Koma dzulo kunabwera bambo wina, mlonda wa pa banki, atapinda kachidutswa ka nyuzipepala m'sokosi. Ndi mwamuna wa mayi wa matimati uja. Anati kupolisi anamuuza kuti mkazi wake anathawa ndi mwamuna wina, ndipo miyezi itatu yonseyi wakhala akumutukwana mumtima. Anagwada pa simenti kundithokoza. Ndiye sindikudziwa ngati ndikutukwaneni kapena ndikusokereni shati ina. Poti makina ndilibe, nkhaniyo yadzithera yokha.

Auzeni a m'bwalo lanuwo abwere. Ngati akufuna mgodi atenge, ine mgodiwo sindinauonepo. Bambo akuti ndikulankhula ngati munthu wopanda dziko. Ndawauza kuti dziko langa lili kuseri kwa waya ndipo likudya zofewa.

Mlongo wanu.

22 Juni

Mwana wanga,

Positi yayambanso kuyenda. Mafoni akuti mwezi wamawa, chifukwa nsanja zake adaziphulitsa potipulumutsa.

Abwera anzako aja. Ndege zidayamba Lamlungu m'mawa anthu akupita ku mapemphero. Adalengeza kuti mabomba awo ali ndi maso, amasankha. Koma khoswe akakhala pamkhate sapheka. Nyumba yosungiramo zida idali khoma limodzi ndi ndende.

Mlamu wako adatulukira pa chibowo cha khoma n'kuyenda wapansi mpaka kuno. Mlongo wako adamupeza atakhala pa masitepe a situdiyo, ali mbuu ngati wogwira ntchito pa chigayo. Sadamuzindikire, adamufunsa kuti akufuna ndani. Mano anayi palibe, imeneyo ndi ntchito ya boma lathu. Khutu lakumanzere silimva, imeneyo ndi ntchito ya alendo. Kuchipatala dokotala adafunsa kuti pa mzere wa amene wamuvulaza alembe ndani. Ndidati agawe mzerewo pakati.

M'chipinda chawo adalimo anthu 31. Khumi ndi awiri adatengedwa ndi asilikali athu mmodzimmodzi, osabwereranso. Bomba lidatenga asanu ndi atatu nthawi imodzi. Wailesi yatsopano ikulira khumi ndi awiri aja tsiku lililonse. Za asanu ndi atatuwo akuti akufufuza.

Ajenerale adakwera ndege Lachitatu, ndipo tamva kuti akukhala mwamtendere m'dziko limodzi mwa amene adavota kuti achoke.

Ndikuuze chimene ndidachita, ungadzamve kwa ena. Msilikali woyamba wachilendo amene ndidakumana naye pa mphambano ndidamugwira dzanja ndi manja awiri n'kumuthokoza. Ine amene. Adamwetulira, kenaka adandiuza ndikweze manja n'kundisecha m'matumba. Sukulu yanga tsopano ndi kampu yawo, mu ofesi yanga aikamo mafiriji. Kuti ndidutse msewu umene ndadutsamo zaka makumi anayi ndimaonetsa chiphaso cholembedwa m'chinenero chomwe sindichidziwa. Akuti akhala miyezi isanu ndi umodzi yokha, koma ndaona akuthira simenti. Walira mvula walira matope. Mlongo wako akuti matope amachapika. Tasiya kukangana, popeza iye walandira chimene ankapempha, ine ndalandira chimene ndinkaopa, ndipo zonse zidabwera pa galimoto imodzi.

Mlamu wako amagona tsopano. Kulankhula sadayambe kwenikweni.

Bambo ako.

3 Ogasiti

Mlongo wanga,

Moni kwa iwe, kwa bambo, makamaka kwa alamu. Ndinayesa kulankhula nawo pa foni koma sankandimva, ndipo inenso ndinalibe mawu oti ndingawakuwire, ndiye ndabwerera ku pepala.

Bwalo lakhazikitsa komiti yofufuza za kuphwanyidwa kwa ufulu wachibadwidwe kwathuko. Akufuna alamu abwere adzachitire umboni pa 14 Okutobala. Ulendo wonse alipira okha. Kalata yowaitana ili muno, ya chidindo chagolide. Mupite nayo ku ofesi ya ziphaso zolowera dziko lino, sipakhala vuto.

Akazembe anga aja anandiitana sabata yatha. Akadali akazembe, koma tsopano a boma latsopano. Anandikumbatira. Akuti zonse ankazidziwa ndipo ankalimbana ndi Ajenerale chamumtima. Akufuna ndibwerere ndiwalembere zothokoza maiko amene atithandiza, akuti palibe wina amene amadziwa kubwereza mfundo ngati ine. Ndinati ndikaganize. Ndakhala ndikuganiza ndikunyamula makatoni, ndipo ndaona kuti makatoni salemera kwambiri.

Mlongo wako.

19 Seputembala

Achimwene,

Tili bwino, tsopano zenizeni, ngakhale pang'ono.

Chiphaso awakaniza. Tinaima pa mzere masiku awiri, alamu anu atavala suti ija. Titafika pa zenera, makina otengera zidindo za zala anakana zala ziwiri, chifukwa zinapola mokhota. Mtsikana wa kuseri kwa galasi anati, "Bambo, wongolani zala." Iwo anamutchera khutu labwino lija n'kuti, "Mwati bwanji?" Anabwereza mokuwa, mzere wonse unamva. Iwo anati, "Amene anazipinda ndi amene akudziwa mawongoledwe ake." Palibe anaseka kupatula ine.

Patapita sabata tinalandira pepala la zifukwa ziwiri. Choyamba, dziko lathu tsopano lili pa mtendere, ndiye palibe chowakakamiza kuchoka. Chachiwiri, alephera kupereka umboni wokwanira woti akadzapita adzabwerera kudziko ngati lino. Bambo awerenga pepalalo kanayi ndi magalasi awo atsopano, akuti mwana wa sukulu akanalemba chonchi akanamubwezera kalasi.

Dziko lomwe latikanizali ndi lomwe lili ndi asilikali m'sukulu ya bambo. Iwowo polowa kuno sitinawafunse zala.

Ndapeza makina obwereka kwa mayi wina wa kutchalitchi. Ntchito ilipo yambiri. Ndikusoka makatani a ku kampu ya alendo ndi timbendera tathu togulitsa kwa asilikali awo, amatumiza kwawo ngati chikumbutso.

Mutiuze kuti tsopano zikhala bwanji.

Mlongo wanu.

27 Seputembala

Alamu,

Moni. Ndakhala ndikuzengereza kukulemberani inuyo mwachindunji, ndipo chifukwa chake mukuchidziwa.

Komiti yamva za chiphaso ndipo akuti ndi yokhumudwa kwambiri. Yavomera kuti ine ndiwerenge umboni wanu m'malo mwanu. Andipatsa mphindi zitatu, itangotsala pang'ono nthawi ya nkhomaliro. Zikatha amaliza belu. Andiuzanso kuti ntchito ya komiti ikulekezera pa tsiku limene ndege zinayamba, ndiye za bomba lija ndisatchule, akuti zimenezo zidzakhala ndi komiti yakeyake.

Ndalemba tsamba limodzi la zimene zinakuchitikirani, lili muno. Konzani pomwe ndalakwitsa.

Mlamu wanu.

5 Okutobala

Alamu,

Zikomo chifukwa cha kalata. Pepani sindinakulembereni chitulukire. Zala sizigwira bwino cholembera, iyi yanditengera masiku atatu.

Ndiyambe ndi chimene mukuopa kufunsa. Inde, mano anachoka sabata imene zithunzi zinatuluka. Musandipepese. Ine kujambula ndinajambula chifukwa chala chinazolowera, ndipo kakhadi ndinapatsa mlongo wanu chifukwa cha mantha. Ndikanakhala nako mpaka lero, bwenzi kali m'chitini cha mabatani. Munachita chimene ine ndinalephera. Mano ake anali anga, basi. Tikadzakumana mudzandigulire chinthu chofewa.

Tsamba lanu ndawerenga. Mwalemba bwino, moti ndinamumvera chisoni munthuyo ndisanakumbuke kuti ndine. Koma musakaliwerenge. Ine ndili moyo, ndimakhala pakhonde, ndipo apongozi amandiwerengera nyuzipepala mokuwa, ndifune ndisafune.

Pa pepala linalo pali maina makumi awiri. Pambali pa dzina lililonse ndalemba ntchito yake. Pali wometa, mphunzitsi wa masamu, okonza njinga awiri apachibale, namwino, m'busa amene ankaliza mkonono ngati jenereta, ndi ena. Sindinalekanitse khumi ndi awiri aja ndi asanu ndi atatu aja. M'chipinda muja aliyense anali ndi malo ake ogona, ndiye ndawalemba monga tinkagonera, kuyambira pachitseko mpaka pa ndowa. A komiti akafuna kudziwa kuti uyu anaphedwa ndi ndani, uyo ndi ndani, asankhule okha. Ife tinkafunda mabulangete asanu ndi limodzi tonse.

Ndayeserera ndi wotchi ya apongozi. Mukawerenga mosathamanga zikukwana mphindi ziwiri ndi theka. Theka lotsalalo musanenepo kanthu, ngakhale zikomo. Mungoima. Akaliza belu musafulumire kukhala pansi.

Dzina lachisanu ndi chiwiri ndi lovuta kutchula, ndipo mwini wake ankakwiya anthu akalilakwitsa, ngakhale asilikali ankawakonza. Ndalilemba m'zilembo zazikulu. Muliyeserere kunyumba musanapite.

Ndine mlamu wanu.